Chisa cha Nantchengwa pa Komporta

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, poti mulibe chomwe mungatolemo kupatula njala ndi kuthawa. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Ndikulemba chifukwa maso ayamba kuchita nkhungu, komanso chifukwa nkhani ina mwaimva kale kwa anthu itapotoka, ndipo ndikufuna muimve kwa mwini wake.

Chaka chachiwiri titabwerera kuchokera ku Dedza

Titabwerera kwathu nkhondo itatha, tinapeza tsekera atamera mpaka pakhomo. Ine ndinali ndi mwayi umodzi wokha, woti ndinkadziwa kulemba Chinyanja ndi Chipwitikizi pang'ono chomwe ndinatola ku sikola ya ku Fonte Boa nkhondo isanafike. Motero ndinalembedwa ntchito yoyeza mvula ku Ulongwe. Ntchito yake inali yoseketsa: m'mawa uliwonse kukhuthula chitini, kuyeza madzi, kulemba mu kaderno, buku lathu la ntchito. Anzanga ankandinena kuti ndine munthu wodyera kuyang'ana kumwamba. Shefi wanga woyamba anali a injinyeru Matewu, munthu wa ku Beira, wamtali, wosaseka, amene kuzizira kwa kuno kunkawazunza moti ankavala majuzi awiri ngakhale mu Otubru, mwezi wotentha uja. Zinthu zinali zosowa. Kaderno likatha tinkalemba pa mapepala a matumba a simenti, ndipo kaneta yolembera inali imodzi pa anthu atatu. Koma a Matewu sankalola kuti tsiku lidumphidwe. "Lusiyano," ankatero, "ukapanda kuona, ulembe kuti sindinaone. Bodza la mu kaderno limapha anthu." Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mmene timachitira pa ulaliki.

Mbalame ndinkazidziwa kale ngati ndiwo. A Matewu ndi amene anandiphunzitsa kuzilemba. Ankati mbalame zimadziwa za madzi kuposa chitini changa chija, ndipo munthu woyang'anira madzi osaziyang'ana ndi wakhungu diso limodzi. Atasamutsidwa anandisiyira binokulo yawo yoonera patali, yomwe inali yosweka mbali imodzi, moti ndinakhaladi wa diso limodzi. Zitatero ananditumiza ku Domwe kukayeza mtsinje, komwe ndinakhala zaka zitatu pansi pa shefi amene ndinamuona nkhope kawiri kokha. Za kumeneko ndilibe chonena, kupatula kuti ndi komwe ine ndi amayi anu tinaika ana awiri m'manda, onse asanamere mano.

Chaka choyamba pa damu la Katope

Damu la Katope mukulidziwa, poti munakulira pomwepo. Ndi khoma la dothi lomwe anamanga azungu a pa famu kalekale, ndipo kumunsi kwake kuli madimba a mbatatesi, kabichi ndi nyemba a midzi itatu. M'madzimo, pafupi ndi khoma, muli kansanja ka simenti kofikako pa mlatho wa matabwa. Pa kansanjapo pali gudumu lachitsulo lokwezera komporta, chitseko chija chotulutsira madzi pansi pa khoma. Pa mlathowo panali kageti ka loko, ndipo kiyi wake ankakhala m'khosi mwanga. Ine ndinali gwarda, mlonda wa damu, ndipo ntchito zanga zinali zitatu: kuwerenga mulingo wa madzi m'mawa uliwonse, kuzunguza gudumu Lolemba lililonse ndi kulipaka mafuta olimba aja tinkati masa, ndi kutsegula komporta madzi akachuluka. Masawo ankasowa kawirikawiri, ndipo nthawi zina ndinkapempha oilo wakuda kwa oyendetsa shapa, timabasi tija.

Sindibisa, zaka zoyamba zija ndinasangalala. Mvula ikangoyamba, dambo la kumtunda kwa damu linkadzaza mpaka kusowa poyang'ana. Adokowe akuda ankafika kaye, namayendayenda m'minda ngati ayang'aniri. Kenaka zipweyo, zoimba likhweru usana wonse, atsekwe akuluakulu, akakowa otsata ng'ombe, mphipi zoyanika mapiko pa chitsa, atchete olendewetsa zisa pa bango. Nkhwazi inkabwera imodzi yokha, mu Janeru, n'kukhala masabata awiri. Panalinso kambalame ka zala zazitali koyenda pamwamba pa masamba a m'madzi, komwe dzina lake sindinalipeze mpaka lero. Zonsezi ndinkazilemba kumasamba akumbuyo a kaderno, tsiku ndi malo. Anthu ankandiseka, koma wondiseka kwambiri anali a Bendito.

A Bendito anali mlimi wa dimba loyamba kumunsi kwa khoma, munthu wamfupi, wa mawu ngati ng'oma, amene anamenya nkhondo nabwerako wopanda chala chimodzi ndiponso wopanda mantha ndi kalikonse. Akandipeza nditatsinzina ndi binokulo ankafuula ali patali. "A gwarda! Kodi lero atsekwe anu avota?" Koma akakolola sankaiwala kutisiyira chidebe cha mbatatesi pakhomo. Akazi awo, a Nangozo, ndi amene ankaperekeza amayi anu ku sikelo. Anali anansi enieni.

Chaka chachisanu pa Katope, kuyambira Otubru

Chaka chimenecho amayi anu anali ndi pakati pa iwe, Selestina. Inu akuluakulu awiri munali mutabadwa kale, koma mimba iyi inali yovuta, miyendo yotupa, ndipo manda awiri a ku Domwe aja sankachoka m'mitima mwathu. Ndiye tsiku lina mu Otubru ndinapeza timitengo tingapo pa zitsulo za kansanja, pamwamba penipeni pa gudumu. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuona anantchengwa awiri ataima pa mlatho, ofiirira, mitu yawo yonga nyundo. Mukudziwa zomwe anthu amanena za mbalame imeneyi. Ikalira pamudzi ndiye kuti kuli maliro. Wopasula chisa chake amapenga, apo ayi imfa imalowa m'nyumba mwake. Ine ndinali munthu wa tchalitchi, wowerenga mawu Lamulungu, ndipo mukadandifunsa ndikadayankha kuti zimenezo ndi zachikunja. Koma timitengo tija sindinatichotse. Ndinati ndichotsa mawa.

Nantchengwa sadziwa mawa. Pomatha masabata atatu chisa chinali chachikulu ngati denga la nkhokwe, chomata ndi matope, chokongoletsa ndi nsanza, mafupa, ngakhale nsapato yakale ya mwana. Gudumu lonse linamira mkati mwake. Nditawauza amayi anu madzulo ena kuti ndikufuna kukachigwetsa, anasiya kusenda nyemba n'kundiyang'ana.

"Bambo a Tomasi, mukakhudza chisa chija, ine mawa lomwe ndikwera shapa kupita kwa amayi. Ndaika ana awiri. Wachitatu musandiikitse ndi manja anu."

Ndikhoza kukankhira mlanduwu kwa amayi anu, poti anagona kale ndipo sangandiyankhe, koma kungakhale kunama kachiwiri. Zoona zake n'zakuti inenso ndinkaopa. Ndipo panali china chochititsa manyazi kuposa mantha: ndinkachikonda chisacho. Sindinaonepo anantchengwa akulera ana pafupi chotero. Ndinkakhala pa khoma ndi diso langa limodzi, kuona akulowetsa achule pa kakhomo ka m'munsi, n'kumalemba. Ndinawerengetsa kuti anawo auluka kumayambiriro kwa Fevereru, ndipo ndinadziuza kuti komporta ikhoza kudikira. Lolemba lililonse ndinkatsegula kaderno n'kulemba mzere womwewo: komporta yazunguzidwa, yapakidwa, ili bwino. Ndinalemba mzere umenewo Malolemba khumi ndi anayi osaligwira gudumulo ngakhale ndi chala.

A Bendito anandiuza kawiri. Koyamba kunali mu Novembru, moseka. "A gwarda, mwalandira alendo pa ofesi? Kodi alipira lendi?" Kachiwiri kunali mu Janeru, madzi atayamba kukwera, ndipo sankaseka. Anandipeza pa kageti atanyamula chikwanje.

"Achimwene, ndibwerekeni kiyi. Ngati inu mukuopa, ndikagwetsa ndine. Ine zipolopolo zinandilephera, ndiye kambalame kodya achule kangandichite chiyani?"

"Sizololedwa kuti munthu wamba akwere pa kansanja," ndinawayankha, ndikubisala kuseri kwa lamulo. "Komanso madzi akadali kutali. Anawo atsala pang'ono kuuluka."

"Linda madzi apite ndiye uziti ndadala," anatero. "Kumunsiku kuli ana a anthu, a Lusiyano, osati a mbalame okha."

Anapita akupukusa mutu. Tsiku lomwelo anakadandaula pa bwalo la mpira pomwe amuna ankamwera, nanena mokweza kuti chisa cha pa komporta chiyenera kugwetsedwa, ndipo ngati a gwarda akana, iwo adzasambira n'kukachigwetsa okha. Anthu ambiri anamva mawu amenewo.

Loweruka lija, kumapeto kwa Janeru

Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Loweruka m'mawa ndinafika pa khoma. Ngalande yotayira madzi ya m'mbali inali itatsekeka ndi bango ndi zitsa, ndipo pa ngodya ya kum'mawa, pomwe ng'ombe zinali zitafupikitsa khoma ndi njira yawo, madzi anali atatsala chikhatho chimodzi kuti adumphe. Ndinathamangira kunyumba kukatenga khasu ndi chikwanje. Amayi anu anaima pakhomo atagwira mimba, ndipo ine ndinadutsa osawayang'ana. Pobwerera ndinapeza a Bendito ali kale pa khoma, atanyowa chinyowere.

"Tiyeni tigwetse limodzi," anatero.

"Ayi. Ichi ndi changa. Inu thamangani kumunsi mukauze anthu achoke m'madimba ndi m'nyumba za m'mphepete mwa mtsinje."

Amenewo ndiwo mawu omaliza omwe ndinawalankhula. Ndine ndinawatuma.

Chisa cha nantchengwa sichigwa ngati cha njiwa. Ndinadula, kukumba, kukoka, manja akutuluka magazi, makolo a anawo akuzungulira pamutu panga ndi kulira kuja konga kuseka. Anawo analimo anayi, nthenga zitamera kale. Awiri anagwera m'madzi pamodzi ndi denga la chisa, ndipo awiri ndinawaponya ndekha pa udzu wa pa khoma, koma sanaone mawa. Dzuwa, likadaoneka, likadakhala lili pamutu pomwe gudumu linatulukira. Ndinaligwira ndi manja awiri, kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Silinasunthe. Matope ndi zitosi za miyezi itatu zinali zitalowa m'mazinga, dzimbiri litagwira ngati lawotcherera. Ndinalira mokweza ngati mwana. Amuna awiri okha ndi amene analimba mtima kukwera pa kansanja pomwe panagwetsedwa chisa. Tinathira parafini, tinamenya ndi nyundo, tinalowetsa mpope wachitsulo n'kukoka atatu. Gudumu linavomera cha m'ma fili koloko, ndipo komporta inakwera.

Koma madzi anali atadumpha kale pa ngodya ija. Anadya dothi ngati mmene mpeni umalowera mu dzungu, natsegula mpata waukulu ngati nyumba. Khoma lonse silinagwe, chifukwa komporta inachepetsa mphamvu, koma madzi omwe anadutsapo anasesa madimba onse. Anthu anali atathawira kumtunda, poti a Bendito anayenda khomo ndi khomo, mpaka kubereka kumsana mayi wina wolumala. Atatha zonsezo anabwerera kukamasula ng'ombe zawo ziwiri zomwe zinali m'khola la pafupi ndi mtsinje. Ng'ombezo zinapulumuka. A Bendito tinawapeza Lolemba, atakodwa m'bango kutali kumunsi.

Masabata otsatira

Shefi wathu nthawi imeneyo anali a dona Selina, mayi wachangu, wokonda ntchito yake. Anabwera pa galimoto msewu utauma, nayendera khoma, napempha kaderno. Anawerenga mizere yanga ija umodzi umodzi, chala chikutsata. Ndinaima pambali ndikudikira kuti andifunse, ndipo ndikulumbira kuti akadandifunsa ndikadaulula. Sanafunse. Za chisa anangomva kuti ndinachichotsa tsiku la chigumula, ndipo poti anali a m'tauni, ankaganiza kuti ndi kachisa kolowa m'chipewa. Analemba mu relatoriyo yawo, lipoti lopita kwa akuluakulu, kuti komporta inkasamalidwa bwino, kuti khoma linali lokalamba, ndi kuti gwarda anapulumutsa midzi itatu. Ananditumizira jombo zatsopano ndi chikhoti cha mvula. Ndinazivala.

Kumudzi nkhani inayenda njira ina. Pa maliro, malume awo a malemu anaimirira nati, "Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mwana wathuyu tinkamuuza kuti pakamwa pazikhala ndi chitseko. Anatukwana nantchengwa pagulu, ndipo nantchengwa wamuyankha." Anthu anavomereza. Ankati gwarda anagwetsa chisa mokakamizidwa ndi ntchito, n'chifukwa chake mbalame inamulambalala n'kukatenga amene anayamba kuinyoza. Ine ndinali pomwepo, pa mzere wachiwiri, m'jombo zanga zatsopano. A Nangozo anali atakhala pa mphasa, maso ali pansi. Ndikadangoimirira n'kunena kuti munthuyu ananena zoona, ndipo ndikadamumvera bwenzi ali moyo. Ndinakhala chete. Mu Marichi unabadwa iwe, Selestina, wonenepa, wolira mokweza, ndipo anthu anati umenewo ndiwo umboni woti tsoka linagwera kwina.

Zaka zotsala pa Katope

Khoma analikonza, ndipo ndinagwiranso ntchito pomwepo zaka zambiri mpaka reforma, pomwe ndinapuma pa ntchito. Anantchengwa ankabwerabe Otubru aliyense, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkachotsa timitengo tawo tisanafike khumi. Palibe chinandichitikira. Gudumu lija linkazungulira ndi dzanja limodzi. Mbalame ndinapitiriza kulemba, ngakhale mndandanda unkafupika chaka ndi chaka pamene madimba ankalowa m'dambo. Atsekwe anasiya kubwera, nkhwazi ija sindinaionenso, ndipo chilimwe china tinatola akakowa akufa m'mphepete momwe anthu ankatsukira mabomba awo, zopopera mankhwala pa mbatatesi. Koma kukoma kwake kunali kutatha. Ndikakweza binokulo kuyang'ana kumunsi, diso linkagwera pa dimba la a Bendito.

Ndinkaona zomwe bodza langa linkachita, tsiku ndi tsiku, monga mmene ndinkawerengera madzi. Mwana wawo Zakariya atafunsira mbeta kumudzi wa kutsidya, anamukana, ati m'banja mwawo muli tsoka la nantchengwa, mpaka anathawira ku Tete komwe sabwerako kawirikawiri. Adzukulu anabadwa, koma palibe amene anapatsidwa dzina la Bendito. Anthu akamapita kukalambula manda, a Nangozo ankalambula a makolo awo, a amuna awo n'kuwadumpha. Ndinamva ndi makutu anga akuuza amayi anu kuti, "Anandisiya ndi ana chifukwa cha matama." Amayi anu ankadziwa zonse, ndipo tinagona nyumba imodzi zaka zonsezo osaitchula nkhaniyi.

Chaka chino

Mlandu suola. Amayi anu atamwalira, ndinatsala ndekha woidziwa nkhaniyi, ndipo ndinaona kuti ndikangofa, a Bendito akhala wolakwa mpaka kalekale. Mvula yoyamba itagwa ndinatenga kaderno lija, lomwe ndinalisunga pansi pa sutikesi, n'kupita kwa a Nangozo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba zobzala. Ndinawafotokozera zonse monga ndalembera pano, n'kuwaonetsa mizere ija ngakhale sawerenga. Sanasiye kusankha nyemba mpaka nditamaliza.

"Ndiye kuti anakupemphani kiyi?" anafunsa.

"Anandipempha, mayi."

"Inu n'kukana."

"Ndinakana."

 Kenaka anaika lichero pansi.

"A Lusiyano, ine ndakhala ndikumukwiyira munthu uja zaka zonsezi. Ndinkamutukwana ali m'manda. Ndiye mwabwera kudzandinong'oneza pakhonde, ngati nkhani ya nkhuku yosowa? Anamunyoza pamaso pa anthu, inu muli pomwepo. Mukanene pamaso pa anthu."

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha m'katchalitchi kathu, ndinapempha kulankhula. Ndinanena zonse, kaderno lili m'manja. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwinanso kumenyedwa, ndipo ndinali wokonzeka. Sizinatero. Anthu anandiyang'ana mwachisoni. Potuluka ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Mwaona? Nantchengwa saiwala. Wamudikira zaka zonsezi, tsopano mutu wayamba kuzungulira." Mwamuna wina anandigwira paphewa n'kundifunsa ngati ana anga akudziwa kuti sindikupeza bwino. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyo ndi yomwe inakufikani pa foni, n'chifukwa chake Tomasi unabwera mwadzidzidzi n'kumandifunsa ngati ndikudziwa kuti lero n'lachingati. Ndikudziwa, mwana wanga. Mutu wanga uli bwino, ndipo kaderno lili m'sutikesi, masamba ake ndawapinda kuti musavutike kufufuza. Mukadzalitenga, mukamuonetse Zakariya.

Pa anthu onse a m'tchalitchi muja, wondikhulupirira anali mmodzi. Lolemba m'mawa ndinamva kuodira pakhomo. Anali a Nangozo, khasu lili paphewa. Sanandipatse moni, ndipo sindikuganiza kuti adzandipatsanso.

"Tengani chikwanje," anatero. "Pamanda paja pamera mitengo, ndekha sindingathe."